Kuzindikira Tizilombo Toononga Zitsamba za pa Sukulu

Mphunzitsi akaona kuti mpanda wa maluwa kapena timitengo ta mandimu ta pa sukulu tayamba kufooka, kawirikawiri amathamangira kukapempha ndalama zogulira mankhwala. Komatu kupopera tisanadziwe chimene chikuononga kumangotha ndalama, kumapha tizilombo tothandiza, ndipo ana saphunzirapo kanthu. Cholinga cha phunziro ili n'chakuti ana azolowere kuyamba afufuza asanachite china chilichonse.

Kukonzekera

Phunziroli lichitikire panja, m'mawa dzuwa lisanakwere. Gawani ana m'magulu a asanu, ndipo gulu lililonse lipatsidwe chitsamba chake, pepala loyera ndi kabotolo. Auzeni atembenuze masamba, ayang'ane nsonga zanthete, ndiponso agwedezere nthambi pamwamba pa pepalalo. Musafulumire kuwauza mayankho, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene ana adzapeza

Choyamba, masamba opiringizika ndi onata. Uku n'kuononga kwa nsabwe za m'masamba, zimene zimayamwa madzi a chomera ndi kutulutsa timadzi totsekemera. Pa timadziti pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye, imene imatchinga dzuwa. Nyerere zimene zimakwera ndi kutsika pa tsinde zimatsata timadzi tomweto, ndipo zimateteza nsabwezo kwa adani ake. Nsabwezi zimaswana msanga chifukwa zazikazi zimabala ana amoyo popanda yaimuna.

Chachiwiri, masamba odyedwa m'mphepete. Iyi ndi ntchito ya zotafuna monga mbozi ndi ziwala. Mbozi ya pa mandimu ikakhala yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame, koma ikakula imabiriwira.

Chachitatu, masamba achikasu opanda kachilombo kalikonse. Apa vuto lingakhale lochokera ku mizu: kuchepa kwa chakudya m'nthaka, kapena madzi odikha. Kupopera sikungathandize.

Ana akapeza kachikumbu kofiira ka madontho akuda, asakaphe. Ameneyo ndi bwenzi la mlimi, chifukwa chakudya chake ndi nsabwe zomwezo.

Chithandizo

Mbozi zitoledwe ndi manja. Nsonga zogwidwa kwambiri zidulidwe ndi kukwiriridwa. Pa nsabwe, sungunulani masipuni aakulu awiri a sopo wamtanda wopala m'malita 5 a madzi. Yambani mwayesa pa nthambi imodzi, ndipo ngati masamba sanapse pofika mawa lake, poperani chitsamba chonse madzulo, makamaka kunsi kwa masamba. Sopo amapha tokhato timene watikhudza, choncho bwerezani pakapita masiku 7.

Madzi a masamba osinja a nimu kapena ombwe nawonso amathandiza, koma akonzedwe ndi mphunzitsi yekha. Ombwe amapha nsomba, motero ndowa zake zisatsukidwe kumtsinje. Mankhwala ogula akhale njira yotsiriza, mutafunsa mlangizi wa zaulimi, ndipo mwana asawagwire konse.

Ntchito ya ana

Gulu lililonse lijambule tsamba limene lapeza, lilembe tsiku, choononga ndi chithandizo chimene laperekapo. Pakatha milungu iwiri libwerere kukawerenga nsonga zatsopano zopanda bala. Funso loti mutsekere nalo phunziro ndi ili: "Mwadziwa bwanji kuti ndi kachilombo kameneka?" Mwana amene angayankhe poloza tsamba, osati pongobwereza mawu a mphunzitsi, ndiye kuti phunziro lamulowa, ndipo adzapita nalo kumunda wa makolo ake.