Kodi ndipente mawilikapu a Peugeot 404 yanga?

Funso: Akatswiri, ndikukonza Peugeot 404 yomwe anandisiyira malemu bambo anga kuno ku Chintheche. Mawilikapu ndi chizindikiro cha mkango zachita dzimbiri. Kodi ndizipente?

Yankho: Bambo, musathamangire penti. Ngati dzimbirilo ndi la pamwamba chabe, nyowetsani pepala la aluminiyamu, mukwechese pang'onopang'ono, kenaka mupake polishi. Nthawi zambiri chrome imabwerera mwakale.

Ngati yasupuka kapena yachita timaenje, pamenepo pentani. Koma dziwani kuti penti sagwira pa chrome yoterera. Kwechesani ndi sandipepa wa nambala 320 mpaka kunyezimira kuthe, pukutani ndi thina, ndipo muyambe ndi etch primer. Ikauma, poperani penti wopyapyala katatu, kudikira kuti aume musanabwereze, mutsirize ndi clear coat. Penti wa m'chitini wolembedwa kuti chrome amangooneka ngati siliva, safanana ndi chrome yeniyeni.

Chizindikirocho chichotseni pagalimoto. Pakani enamel ndi kaburashi kakang'ono m'malo olowa mkati, ndipo mupukute wogwera pamwamba asanaume.

Kwanuko ku Nkhata Bay mvula ndi chinyezi n'zambiri, choncho gwirani ntchitoyi m'chilimwe, dzuwa litakwera. Pewani masiku a mphepo ya mwera, chifukwa imaulutsira mchenga pa penti wamuwisi. Valani chotchinga mphuno ndi kukamwa.

Mkangowo musautaye ngakhale utatha bwanji, chifukwa kupeza wina masiku ano n'kovuta.