Ndani Anadya Cimanga?

Mwana wa Giredi 3 amadziwa kale kulankhula Cinyanja. Mbuzi ikalowa m'munda, iye amathamangira kunyumba n'kunena kuti, "Amai, mbuzi yadya cimanga!" Palibe amene anamuphunzitsa kayalidwe ka mau amenewa. Anangowamva kwa makolo ake. Koma Cingelezi cili ndi kayalidwe kakekake. Liu lililonse lili ndi malo ake, monga mmene ana amaimira pamzere m'mawa asanalowe m'kalasi.

Mau ena ndi maina. Dzina ndi liu lochula munthu, nyama, cinthu kapena malo. M'Cingelezi dzina limachedwa noun. Mbuzi ndi goat, cimanga ndi maize, galu ndi dog, mnyamata ndi boy, ndipo mtsinje ndi river. Maina a anthu ndi a malo amayamba ndi cilembo cacikulu m'zinenero zonse ziwiri: Zambia, Lusaka, Chipata, Katete, Luangwa.

Mau ena amanena zimene munthu kapena cinthu cikucita. Liu lotere ndi mneni, ndipo m'Cingelezi limachedwa verb. Kudya ndi eat, kuthamanga ndi run, kuphika ndi cook, kusesa ndi sweep. Ciganizo copanda mneni sicimveka. Munthu akangoti "The goat" n'kukhala cete, womvera amafunsa kuti, "Nanga mbuziyo yatani?"

Onani ciganizo ici:

The goat ate the maize.
Mbuzi inadya cimanga.

Poyamba pali amene anacita, ndiye goat. Pakati pali zimene anacita, ndiye ate. Pothera pali cimene cinadyedwa, ndiye maize. Ziganizo zambiri za Cingelezi zimayenda motero.

Tsiku lina aphunzitsi anauza mnyamata wina kuti alembe nkhani ya mbuzi ija pa bolodi. Mnyamatayo anatenga coko nalemba kuti:

The maize ate the goat.

Ana ena anayamba kuseka. Aphunzitsi anawaletsa, ndipo anafunsa mnyamatayo kuti, "Mwana wanga, kodi kwanu cimanga cili ndi mano?"

"Iyai, aphunzitsi," anayankha mnyamatayo. "Ine ndimafuna kunena kuti cimanga mbuzi inacidya."

"Wanena bwino," anatero aphunzitsi. "M'Cinyanja ciganizo cako n'cabwino ndithu. Tiyeni tione cifukwa cake m'Cingelezi cakana."

Mnyamatayo sanaganize mopusa ai. M'Cinyanja munthu akhoza kuyamba ndi cimanga, ndipo aliyense adzamvabe kuti yakudya ndi mbuzi. Cinsinsi cili m'liu lakuti inacidya. Kachigawo ka i- kakuloza mbuzi, ndipo ka -ci- kakuloza cimanga. Mneni yekhayo akutiuza amene anadya ndi cimene cinadyedwa. Koma liu lakuti ate lilibe tizigawo totere. Silisintha, kaya wadya ndi mbuzi, ng'ombe kapena agogo. Conco wowerenga Cingelezi amangoyang'ana dzina limene lili patsogolo pa mneni, n'kunena kuti, "Wadya ndi ameneyu."

Nkhani ya cimanga ndi yoseketsa, koma nthawi zina kusintha malo a mau kumabweretsa bvuto. Werengani ziganizo ziwiri izi:

The dog bit the boy.
The boy bit the dog.

Mau ake ndi amodzimodzi, asanu pamwamba, asanu pansi. Anamwino kucipatala akawerenga ciganizo coyamba, adziwa kuti galu waluma mnyamata, ndipo mnyamatayo afunika mankhwala msanga. Akawerenga caciwiri, aganiza kuti wolumidwa ndi galu.

Palinso mau amene amafotokoza za dzina. Amatiuza ngati cinthu cili cacikulu kapena cacing'ono, cakuda kapena coyera. Liu lotere ndi mfotokozi, ndipo m'Cingelezi limachedwa adjective. Apa ndi pamene ana ambiri amaphunthwa. M'Cinyanja dzina limatsogola, mfotokozi amabwera pambuyo: mbuzi yakuda. M'Cingelezi mfotokozi ndiye amatsogola: black goat. Nyumba yaikulu ndi big house, osati house big. Manambala naonso amacita cimodzimodzi. Mazira awiri ndi two eggs.

Komabe pano Cingelezi cili ndi kosavuta kake. Wolankhula Cinyanja amati nyumba yaikulu, galu wamkulu, mtengo waukulu, citsime cacikulu. Mfotokozi akusintha nthawi zonse kuti agwirizane ndi dzina. M'Cingelezi liu ndi limodzi cabe: big house, big dog, big tree, big well.

Nanga timau tija ta the ndi a? M'Cinyanja mulibe. Timakhala patsogolo pa dzina, ndipo ngati pali mfotokozi timakhala patsogolo pa mfotokoziyo. A goat ndi mbuzi ina iliyonse. The goat ndi mbuzi ija imene onse akuidziwa, ija yolowa m'munda. Tsopano ciganizo cakula:

The black goat ate the maize.
Mbuzi yakuda ija inadya cimanga.

Ciganizo cimayamba ndi cilembo cacikulu, ndipo cimatha ndi kadontho.

Mafunso

1. Kodi dzina limachedwa ciani m'Cingelezi? Nanga mneni?
2. N'cifukwa ciani ana anaseka ciganizo ca mnyamata uja?
3. M'liu lakuti inacidya, ndi kachigawo kati kamene kakuloza cimanga?
4. Ndani walumidwa m'ciganizo ici? The dog bit the boy.

Zocita

A. Lembani ziganizo izi m'buku lanu. Lembani mzere kunsi kwa dzina lililonse, ndipo zungulizani mneni.

Mother cooks nshima.
The girl sweeps the house.
The cat drinks milk.

B. Mau awa asocera. Abwezeleni m'malo ao kuti apange ciganizo comveka. Musaiwale cilembo cacikulu ndi kadontho.

grass eats cow the
kicks the ball boy the
hen eggs the lays

C. Nenani m'Cingelezi: galu wakuda, mtengo waukulu, mbuzi ziwiri, nkhuku yoyera.

D. Khalani awiriawiri. Wina achule dzina la nyama m'Cingelezi, mnzake achule zimene nyamayo imadya. Kenako lembani ciganizo conse pamodzi, ndipo mukaciwerengere akunyumba madzulo ano.