Kodi Maluwa a Gardenia Angapirire Chisanu Panja?

Mau Oyamba

Gardenia ndi kamtengo ka masamba obiriwira chaka chonse kamene kamachita maluwa oyera, onunkhira kwambiri. Mtundu umene umabzalidwa kawirikawiri pakhomo ndi Gardenia jasminoides, umene kwawo ndi kumwera kwa China, Taiwan, Japan ndi Vietnam, kumene nyengo ndi yofunda ndi yachinyezi. Alimi a nazale amapeza ndalama pogulitsa mbande zake, koma m'madera ozizira usiku umodzi wokha wa chisanu ungathe kuwononga ntchito ya chaka chathunthu. Gardenia angathe kukhala panja m'nyengo yozizira, koma izi zimadalira zinthu zitatu: kukula kwa chisanu, mtundu wa mbewu ndi malo amene yabzalidwa.

Mmene Chisanu Chimawonongera

Kuzizira kukafika pansi pa ziro, madzi a m'masamba amaundana ndipo tizigawo ta m'kati mwa tsamba timawonongeka. Tsambalo limada ngati lawauka ndi moto, kenaka limayoyoka. Zimene zimayamba kupsa ndi nsonga zanthete ndi maluwa amene sanamasule. Mitundu wamba imavulala kwambiri kuzizira kukafika madigiri 7 mpaka 10 pansi pa ziro, ndipo kukapyola pamenepo mtengo ungaume mpaka kutsinde. Mbewu ya m'thumba kapena mumphika imafa msanga kuposa ya m'nthaka, chifukwa mizu yake imazingidwa ndi mphepo yozizira mbali zonse.

Kusiyana kwa Madera

M'chigawo chino nyengo yozizira imayamba mu May kulekeza mu August. M'madera otsika monga chigwa cha Shire, m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi kugombe la Mozambique, chisanu chowononga mbewu sichigwa, kotero gardenia amakhala panja popanda vuto. M'madera okwera monga Dedza, Nyika ndi Nyanga ku Zimbabwe, chisanu chimagwa masiku ena mu June ndi July, ndipo chimaocha nsonga ngakhale kuti mtengo wokhwima kawirikawiri umapulumuka. Chisanu chimakula kwambiri ku Free State, ku Lesotho ndi m'dera lokwera lozungulira Johannesburg, kumene mbewuyi imafunika chitetezo chaka chilichonse.

M'maiko a kumpoto kumene nthaka yeniyeniyo imaundana, monga Canada, gardenia amasungidwa m'miphika ndi kulowetsedwa m'nyumba nyengo yozizira isanafike. Kumwera kwa Britain mitundu yopirira yokha ndiyo imakhala panja, pamalo otetezeka.

Kusankha Mtundu

Mitundu ya Kleim's Hardy, Frostproof ndi Chuck Hayes inasankhidwa chifukwa chopirira kuzizira. Ikakhwima ndiponso ikakhala pamalo otchingika, imapirira madigiri 12 mpaka 15 pansi pa ziro. Komabe mbande za mitundu imeneyi ndi zosalimba m'zaka ziwiri zoyamba.

Mu Africa mulinso gardenia wachilengedwe. Gardenia volkensii amamera m'tchire la madera ambiri a chigawo chino, amapirira chilala, ndipo akakula sagonja ku chisanu chochepa. Gardenia thunbergia, wa m'nkhalango za kum'mawa kwa South Africa, amakula pang'onopang'ono ndipo amafuna chitetezo akadali wamng'ono.

Kusankha Malo

Chisanu chimagwa makamaka usiku wopanda mitambo ndi mphepo. Mpweya wozizira ndi wolemera, kotero umatsetsereka ngati madzi ndi kukadikha m'madambo ndi m'zigwa. Ichi ndi chifukwa chake dimba la kudambo limapsa pamene munda wa kumtunda uli bwinobwino. Gardenia asabzalidwe pamalo otere. Malo abwino ndi pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, limene limafunda masana ndi kutulutsa kutentha usiku. M'maiko a kumpoto kwa dziko lapansi khoma lotere ndi loyang'ana kumwera. Nthaka ikhale yosadikha madzi, ya manyowa ambiri ndiponso ya asidi pang'ono, ya pH 5 mpaka 6.5. Phulusa ndi laimu zisathiridwe, chifukwa zimachititsa masamba kukhala achikasu.

Zoyenera Kuchita

1. Mbande zibzalidwe kumayambiriro kwa mvula kuti mizu ikhazikike chisanu chisanafike.

2. Feteleza wa nayitrojeni asathiridwe mwezi wa March ukatha, popeza amabweretsa nsonga zanthete zimene zimapsa msanga.

3. Patsinde paphimbiridwe ndi udzu wouma kapena masamba, koma zisakhudze khungwa.

4. Pamene chisanu chikuyembekezeka, nthaka ithiriridwe m'mawa. Nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma.

5. Madzulo mtengo ufunditsidwe ndi chiguduli kapena mphasa yofika pansi, ndipo chofundacho chichotsedwe dzuwa likatuluka. Pepala lapulasitiki lokhudza masamba silithandiza.

6. Mbande za m'matumba ndi m'miphika zisunthidwire pakhonde kapena m'chisakasa chofoleredwa.

Chisanu Chikaocha Mtengo

Alimi asafulumire kudula kapena kuzula mtengo umene wapsa. Nthambi zouma zimateteza zamoyo zimene zili m'munsi mwake. Ndi bwino kudikira mpaka September, ndi kukanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mobiriwira, nthambiyo ili ndi moyo. Zouma zidulidwe pamwamba pa mfundo yamoyo. Mtengo umene mizu yake sinafe umaphukanso kuchokera patsinde, ngakhale kuti chaka chimenecho maluwa amachepa.

Mlimi amene akufuna kubzala gardenia wambiri ayambe wafunsa alangizi a zaulimi kapena ofesi ya zanyengo za kuzizira kwa dera lake, ndipo ayese mitengo yochepa kwa nyengo imodzi yozizira asanakuze nazale yake.