Azakhali Akuyankha: Kavitz Kako Si Ngolo, Mwanawe

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Mitande m'boma la Mandimba. Chaka chatha Mulungu anandikumbukira. Fodya anachita bwino, soya nayenso sanandichititse manyazi. Nditalandira ndalama ndinapita ku Mandimba kuti ndikagule malata a nyumba yanga, koma ndinabwerako ndi Toyota Vitz yoyera ya 2007. Anandigulitsa ndi mnzake wa msuweni wanga. Anati inali ya gogo wina wa ku Japan amene ankangopitira kutchalitchi, ndipo pa dashibodi imawerenga makilomita 48,000 okha.

Miyezi itatu yoyamba ndinali mfumu. Lero zinthu zatembenuka. Kutsogolo kumalira gugugu pa mabampu, m'mawa imatulutsa utsi wabuluu, ndipo sabata ino kwayamba kuyaka kanyali kofiira kooneka ngati ketulo. Ndikaliza injini mumamveka mawu a mzimayi oyankhula zosamveka, moti mayi anga akuti muli chiwanda. Wailesi imagwira siteshoni imodzi. Mapepala ake ali m'dzina la munthu wa ku Nampula amene sindinamuonepo. Abale nawo andisandutsa ambulansi, chapa ndi ngolo ya kuchigayo. Msuweni uja akuti ali ndi ina ya nambala ya ku Malawi ku Chiponde, ndingowonjezera pang'ono tisinthane. Chibwenzi changa chikuti ndikaigulitsa chichita manyazi kwa anzake. Ndichite chiyani?

Ine mwana wanu,
Wothedwa Nzeru, Mitande

Mwana wa mlongo wanga,

Yamba wakhala pansi, umwe madzi. Unapita kukagula denga, n'kubwerako ndi matayala anayi. Ine ndimayesa zoterezi zimachitikira ana otumidwa mchere amene amabwerako ndi maswiti, kani zimagwiranso amuna a ndevu zawo!

Tisanaseke zambiri, ndikuuze chimodzi chosaseketsa. Kanyali kofiira kooneka ngati ketuloko sikakukuitanira tiyi. Kakunena kuti oyilo sakuyenda bwino mu injini. Kakayaka injini ikulira, zimitsa pomwepo. Solola kachitsulo koyezera oyilo, upukute, ubwezere, usololenso, uone pamene oyilo walekeza. Ngati wachepa, thira. Kakayakabe oyilo ali wokwanira, galimotoyo isasunthe mpaka makaniko abwere. Ukachita makani n'kuyenda nayo mpaka ku Cuamba, ukafika ndi chitsulo chopsa, ndipo ndalama ya injini ina ndi munda wonse wa fodya.

Tsopano za gogo wa ku Japan. Mwanawe, gogo ameneyu ndimamudziwa. Wagulitsa galimoto ku Lichinga, ku Cuamba, ku Mangochi, mpaka ku Lilongwe, ndipo zonse ankangopitira kutchalitchi. Ndi gogo wopemphera kwambiri pa dziko lonse. Choona chake ndi ichi: ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse. Kuyezako amakutcha shaken, ndipo kumadya ndalama, n'chifukwa chake ambiri amagulitsa galimoto zikadali ndi mphamvu, ife n'kumazilandirira pa madoko a Nacala, Durban ndi Dar es Salaam. Zimatikomera chifukwa chiwongolero chili kumanja, ndipo ife a ku Mozambique ndi Malawi timayenda kumanzere kwa msewu ngati iwowo. Koma yakoyo sinachoke pa sitima dzulo. Mapepala akukuuza okha kuti inakakhalako ku Nampula, ndipo sudziwa kuti inakwatiwa kangati isanafike kwa iwe.

Manambala a pa dashibodi ali ngati zaka za mkazi wofuna banja lachitatu: amabwezedwa. Usamafunse manambala, uzifunsa ziwalo. Gwada uone mphira wa popondera buleki. Ngati wadyeka mpaka chitsulo kuonekera, phazi lapondapo zaka zambiri. Gwira chiwongolero. Ngati chili see ngati munsi wakale, manja adutsapo ochuluka. Khala pampando wa dalaivala. Ngati ukulowa ngati mtondo, 48,000 ija ndi nthano ya kumphala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo iwe unagula utoto woyera ndi fungo la pefyumu wa m'galimoto.

Komatu Vitz payokha ndilibe nayo mlandu. Toyota inayamba kuipanga mu 1999, maiko ena amaitcha Yaris, ndipo ku Japan dzina la Vitz linatha mu 2020. Yako ya 2007 ndi ya mtundu wachiwiri umene unayamba mu 2005. Zambiri za mtundu umenewu zili ndi kainjini ka lita imodzi ka masilinda atatu, n'chifukwa chake ikaima imanjenjemera ngati mwana wa malungo. Kumeneko si kudwala, ndi chibadwa. Imamwa petulo pang'ono, masipeya ake sasowa chifukwa zadzaza m'matauni, ndipo amakaniko ambiri anazizolowera. Ndi kamwana kabwino. Vuto ndi loti anakapangira misewu yosalala ya ku Nagoya ndi Osaka, konyamula mayi, mwana ndi kajumbo ka zogula. Iwe wakabweretsa ku Mitande n'kukapatsa ntchito ya ng'ombe ziwiri.

Ndinakaonapo kena kotere mwezi wa February, tikuchokera ku maliro. Kutsogolo anthu atatu, kumbuyo asanu, kubuti matumba awiri a chimanga, pamwamba pa matumba mbuzi yomanga miyendo. Kumbuyo kunali kutakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Pofika pa kamtsinje, dalaivala anatseka maso n'kuponda moto. Tinangomva khoo! pansi pake, kenako mzere wakuda wa oyilo ukutsatira galimoto ngati nyerere za linthumbu. Mbuzi inafika kumudzi ili bwinobwino pa njinga. Galimoto inagona pomwepo masiku anayi, ana akuseweretsa magalasi.

Mimba ya Vitz ili pafupi ndi nthaka, mpata wake ndi wosakwana ndi chikhatho chotambasula. Pa tala wa N13, kuchoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, kamathamanga ngati gwape. Ukangopatuka kulowa njira za kuminda, mwala uliwonse ndi mdani. Kulira kwa gugugu kuja ndi mashoko ndi timphira ta m'miyendo yakutsogolo tikupempha chifundo. Konzetsa, ndipo uuze wowotcherera akuikire chitsulo chotchinga pansi pa injini. Mipando ndi isanu, osati isanu ndi itatu. Matumba a soya apatse ngolo kapena lole. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga, imene inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa, imadutsa kwanu komweko. Katundu wolemera ali ndi eni ake.

Utsi umayankhula, ungofunika kumva chinenero chake. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, ndipo n'kutheka kuti ndi chimene chayatsa kaketulo kako. Wakuda ndiye kuti petulo akulowa wambiri, kawirikawiri chifukwa fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi lathu la mu September. Woyera wochindikala wosatha ngakhale injini itatentha ndiye woopsa, madzi akulowa mosayenera. Tsegulanso chivundikiro chothirira oyilo. Ukapeza zoyera ngati chambiko, dziwa kuti madzi ndi oyilo zakwatirana popanda ankhoswe. Kuno kwa fumbi sintha oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo usagule oyilo wa m'botolo lopanda chizindikiro. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndi wopulumukira tsiku la tsoka, osati chakudya cha masiku onse. Ena amamubatiza.

Giyabokosi ya Vitz zambiri za zaka zimenezo ndi ya mtundu wa CVT. Ili ndi mafuta akeake, ndipo makaniko akathiramo mafuta a giyabokosi wamba, wakuphera. Batire likafa, usaitane anyamata kuti akankhe, siilira mokankha. Ikatitimira m'matope, usaponde moto mpaka kununkha. Tsika, vula nsapato, ika nthambi ndi miyala, anthu akankhe pang'onopang'ono. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pali manambala anayi: ukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake akuoneka. Ndipo kasipeya kowonda ngati chitumbuwa kali kubutiko n'kongokufikitsa kwa omata matayala, si ka ulendo wa ku Lichinga.

Za chiwanda, uwauze alamu angawo agone tulo. Mzimayi woyankhulayo ndi kachipangizo kolipirira pa mageti a misewu ya ku Japan, ndipo akungodandaula kuti simunalowetse khadi. Wa zamagetsi akhoza kumutseka pakamwa pa mphindi zochepa, osafuna sing'anga kapena madzi odalitsa. Wailesi nayo ilibe ufiti. Mawailesi a galimoto zakale za ku Japan amagwira kuyambira 76 kulekeza 90 pa FM, pamene masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa 90. Pali kachipangizo kotchipa kolumikiza kumbuyo kwake, kapena ungogula wailesi ina.

Tsopano nkhani yaikulu, imene iwe waiika kumapeto ngati ndiwo zotsala: mapepala. Mwanawe, galimoto imene mapepala ake ali m'dzina la munthu wina ndi mkazi wa mwini. Ukhoza kumudyetsa, kumuveka matayala atsopano, koma tsiku limene mwini wake adzatulukire udzangotsala ndi makiyi. Tenga livrete, pepala la galimotoyo, uyerekeze nambala ya chassis ndi ya injini ndi zimene zadindidwa pa galimotopo, chilembo ndi chilembo. Kenako umugwire mnzake wa msuweni wakoyo akufikitse kwa mwini dzina, musayinirane zogulitsana moyenera, umwini usinthidwe ukhale wako. Funsa ku maofesi a INATRO ndi kolembetsa umwini wa galimoto, akuuza zofunika. Wogulitsa akayamba mawa mawa, foni n'kumazima, dziwa kuti pali chimene chikununkha. Onjezapo seguro, inspecção, carta yako yoyendetsera, matrayango ndi chovala chonyezimira chija. Wapolisi wa pamsewu sadya nkhani ya gogo wa ku Japan.

Ya ku Chiponde ija ndiyo usaiyandikire n'komwe. Galimoto ya nambala ya ku Malawi imalowa kuno ngati mlendo, ndi chilolezo cha masiku owerengeka. Kuti ikhale nzika iyenera kudutsa ku Alfândega ndi kulipira msonkho, ndipo pang'ono amene akunena msuweni wakoyo adzabereka ana ndi zidzukulu. Munthu anakugwetsa m'dzenje ndi mnzake, lero akuti bwera ndikuonetse dzenje lina lokongola. Msuweni ameneyu ukamuona uzigwira m'thumba.

Ndiye ugulitse kapena usunge? Usafunse mtima, funsa kope. Peza makaniko amene sadziwana ndi wogulitsa, ngakhale kumutenga ku Cuamba, umulipire tsiku lake. Aione m'mawa injini ili yozizira, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Alowe pansi pake, aone dzimbiri ndi podontha, ayeze mphamvu ya masilinda, akulembere zonse ndi mitengo yake. Iwe dzaza thanki, lemba makilomita, yenda, dzazanso, ugawe. Vitz ya lita imodzi yathanzi, pa tala, iyenera kupitirira makilomita 13 pa lita. Lemba metikali iliyonse imene galimoto yadya miyezi itatu, pambali ulembe imene yabweretsa kapena kukupulumutsira. Ngati injini ili ndi moyo, giyabokosi siikukoka, ndipo mapepala atheka, isunge. Galimoto imene ukuidziwa matenda ake iposa yachilendo yonyezimira. Koma ngati mapepala akanika, kapena injini ndi giyabokosi zonse zikufuna kuchipatala, igulitse, ndipo wogulayo umuuze zoona. Mzere wa gogo wa ku Japan uthere pa iwe.

Abale ndiwo matenda amene makaniko sangachize. Chibale ndi fupa, sichiola, koma sichithira petulo. Wodwala usiku ndi mayi wapakati, nyamula osawerengera, Mulungu ndiye adzabweze. Koma wa kuchigayo, wa kumsika ndi wokaona chibwenzi ku Ngauma, ayambe watumiza ya mafuta pa M-Pesa kapena e-Mola usanatulutse makiyi. Adzakunena kuti wayamba kunyada. Asiye anene. Tsiku limene idzafe, omwewo adzakudutsa pa njinga zamoto akukuimikira dzanja.

Za mtsikanayo, mayeso ake ndi osavuta. Popeza galimoto yaima kudikira makaniko, Lamlungu likubwerali pita kwawo pa njinga yakapalasa, thalauza utalipinda mwendo umodzi. Akatuluka n'kukulandira njinga, n'kukupatsa madzi ndi mpando, uza amalume ako akonzeke. Akasuzumira pawindo n'kutuma kamwana kuti kanene kuti kulibe, ndiye kuti ankafunsirana ndi Vitz, iwe unali dalaivala chabe.

Ndipo fodya wa chaka chino akagulidwa, udzandidzere. Tidzapitira limodzi ku Mandimba, ndalama ndidzamanga ine pa chitenje, ndipo sindidzamasula mpaka titaima pa sitolo ya malata. Mvula ya December ikadzayamba, sindikufuna kudzamva kuti mwana wa mlongo wanga akugona pampando wakumbuyo, miyendo ili pawindo, mzimayi wa Chijapani akumufunsa khadi.

Ndine,
Azakhali ako