Kuteteza mazira a nkhanga pamene tchire lachepa

Nkhanga, nkhwali ndi zinziri zimaikira mazira pansi, m'udzu, ndipo chimene chimateteza chisa ndi kubisika basi. Kubisikako kumadalira kukula kwa tchire. M'nkhalango ngati ya Dzalanyama, chilombo chimayenda mtunda wautali chisanapeze chisa. Koma mumzinda wa Lilongwe, ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo, udzu watsala m'tizigawo, kuseri kwa mpanda ndi m'mbali mwa ngalande. Pa kamalo ka mamita 10 mbali zonse, palibe chisa chingatalikirane ndi m'mphepete kuposa mamita 5, ndipo m'mphepetemo ndi modutsa agalu, amphaka ndi likongwe. Khwangwala amangotera padenga n'kuona pamene nkhanga yalowera.

Choyamba, woweta nkhanga ayenera kudziwa pamene nkhanga ikuikira, makamaka nyengo ya mvula ikayamba. Aiyang'anire chapatali m'mawa mpaka masana. Asamapiteko kawirikawiri, chifukwa kanjira kopondedwa kamalondolera galu pachisa.

Kenako aone kukula kwa malowo. Ngati munthu angawazungulire m'mphindi imodzi, mazira asagone pamenepo. Pamalo aang'ono chotere azitola tsiku ndi tsiku, koma asiyepo awiri kapena atatu olembedwa chizindikiro ndi khala, poti nkhanga ikapeza chisa chopanda kanthu imasamukira kwina, kumene mwina n'koipirapo.

Mazira otoledwawo awaike kwa thadzi lomwe layamba kufungatira, m'khola lokwezeka lotsekedwa bwino usiku. Apa m'pofunika kudekha: a nkhuku amaswa pa masiku 21, pamene a nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28. Osakaniza mitundu iwiriyi tsiku limodzi amataya ambiri, chifukwa thadzi limanyamuka ndi anapiye oyamba kuswa n'kusiya enawo akuzizira.

Dzala nalo likwiriridwe. Nyenyeswa za nsima ndi matumbo a nsomba zimaitana makoswe ndi akhwangwala, ndipo akazolowera pakhomo sachedwa kutulukira chisa.

Mbalame zakutchire zotsala m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi sizingasamutsidwe chonchi. Zimafunika udzu wolumikizana. Eni madimba oyandikana akamasiya udzu, ndi bwino ausiye mbali imodzi kuti upange chigawo chimodzi chachikulu, kusiyana ndi tizigawo tisanu tomwazikana. Asadutsitsemo njira, ndipo kumweta kapena kutentha kudikire mpaka anapiye atayamba kuuluka.