Boti la thanga logonamo: kulikhoma, kuliyendetsa ndi kuliponyera nangula

Amene akufuna kukhoma boti laling'ono la thanga, loti aziyenda nalo masiku angapo panyanja ya Malawi, ayambe wadzifunsa kuti usiku azikagona pati. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo mwera umawomba motsata utali wakewo kuchokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala. Ukayamba umatha masiku osapuma, ndipo mafunde amanka nakula akamalowera kumpoto. Boti la mamita 5 kapena 6 silingalimbane ndi mafunde otere usana ndi usiku. Mphamvu yake ili pa kulowa m'madzi osaya, kuseri kwa chilumba kapena m'kagombe komwe sitima singafike, n'kukhazikika pamenepo mpaka kuche. Ganizo limeneli ndi limene liyenera kulamula kapangidwe kake, thanga lake ndi nangula wake.

Pokhoma

Choyamba pezani pulani yojambulidwa ndi katswiri, yomwe ena anaikhomerapo kale maboti n'kuyenda nawo. Musaiwonjezere utali wa kanyumba kuti muziima chilili m'kati. Kanyumba katali kamagwira mphepo ndipo kamakweza kulemera kwa boti m'mwamba. Pogona anthu awiri ndi pokhala tsonga n'pokwanira. Sankhaninso boti lomwe chipsepse chake chapansi chimakokedwa n'kulowa m'kati. La chipsepse chokhazikika limafuna madzi akuya nthawi zonse, ndipo simungalikokere pamchenga nyanja ikaipa.

Njira yosavuta kwa munthu amene si mmisiri wa maboti ndi yosoka matabwa a pulayiwudi ndi waya kenako n'kumata ndi epoxy. Thabwa limodzi limakhala la mamilimita 2440 mulitali ndi 1220 mulifupi. Pa boti la msinkhu uwu mapulani ambiri amafuna matabwa ochindikala mamilimita 9 m'mbali ndi 12 pansi. Musangokhulupirira chidindo cha wogulitsa chonena kuti ndi a m'madzi. Dulani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa ola limodzi, kaumitseni padzuwa, n'kubwereza. Kakamatuka, bwezani matabwawo. Yang'ananinso m'mphepete modulamo. Mukaona mipata pakati pa zigawo, madzi adzabisala momwemo.

Popeza thabwa ndi lalifupi kuposa boti, mudzalumikiza awiri kapena atatu. Palani nsonga zonse ziwiri mopendeka, kupendekako kukhale kotalika ka 8 kuyerekeza ndi kuchindikala kwa thabwa, ndiye kuti mamilimita 72 pa thabwa la 9, kenako matani. Guluu akauma, jambulani mizere ya pulani, dulani mbali ziwirizo mutazisanjikiza kuti zifanane ndendende, boolani timabowo m'mphepete pa masentimita 15 kapena 20 aliwonse, n'kuyamba kusoka ndi waya wa kopa. Musamangitse wayayo msanga. Kokani chingwe kuchokera kumutu kwa boti kufika pa ngodya iliyonse yakumbuyo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, boti lapotoka, ndipo ino ndi nthawi yokhayo yoti muliwongole.

Epoxy ndi amene amadya ndalama zambiri, ndipo ndi pamene anthu amafuna kuchepetsa mtengo pogula polyester wa omata magalimoto. Musatero. Polyester sagwira bwino pa thabwa, ndipo tsiku lina nsalu yonse ya fibreglass idzasendeka. Sakanizani epoxy motsatira muyeso wa wopanga, pogwiritsa ntchito sikelo kapena timakapu tolembedwa, osati kungoyerekeza ndi maso. Kunyanja kumatentha, ndipo kutentha kumaumitsa msanga. Mu Okutobala wosakaniza wochuluka amatha kutentha n'kuumira m'chitini musanamugwiritse ntchito. Sakanizani pang'onopang'ono, gwirani ntchitoyi m'mamawa pamthunzi, mutavala magolovesi. M'ngodya zam'kati ikani epoxy wolimbitsidwa ndi utuchi wosefa bwino, yalani nsalu ya fibreglass pamwamba pake, chotsani mawaya, tembenuzani boti n'kuvindikira kunja konse ndi nsalu. Pomaliza pakani penti yowala, chifukwa dzuwa limawononga epoxy wosapentedwa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimalimbikira kuposa zonse. Kumutu ndi kumbuyo kukhale zipinda zotsekeka zosalowa madzi, kuti boti likadzaza liziyandamabe. Ndipo kumutu kukhale chitsulo kapena mtengo womangirapo chingwe cha nangula, wolowa mpaka pa mafupa a boti, womangidwa ndi mabawuti odutsa, osati masikuluwu. Usiku wa mphepo, boti lonse limalendewera pamenepo. Pa zigawo zoterezi mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yabwino, bola ikhale youma. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, ndipo madzi otere amaoletsa matabwa msanga, choncho siyani mipata yoti mpweya uziyenda m'kati ndipo musalole madzi amvula kugona pansi pa boti. Musanaliike pamadzi, kalembetseni ku ofesi ya boma yoona za maulendo apamadzi.

Poyendetsa

Thanga limodzi lalifupi, lokhala ndi ndodo kumwamba ndi kumunsi, la masikweyamita 12 mpaka 15, n'lokwanira. Mlongoti wake umakhala waufupi, woti munthu mmodzi angauimike yekha. Thangalo likhale ndi mizere iwiri ya tizingwe tolichepetsera, ndipo phunzirani kulichepetsa muli pamtunda mpaka manja azolowere.

Tsiku loyamba sankhani kamphepo kayaziyazi pafupi ndi gombe, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Lozetsani mutu wa boti kumene mphepo ikuchokera, tsitsani chipsepse, kwezani thanga, kenako khotetsani pang'ono kuti mphepo ilowe cham'mbali. Masulani chingwe cha thanga mpaka mbali yake yakutsogolo iyambe kupepezuka, ndiye kokani pang'ono mpaka ileke. Pamenepo ndiye pabwino. Chingwechi chikhale m'dzanja, musachimange mfundo, kuti mphepo ikabwera mwadzidzidzi muchitaye boti liwongoke.

Boti la thanga silipita molunjika kumene mphepo ikuchokera. Limayenda mopendeka madigiri pafupifupi 45 kapena 50, kukhotera uku kenako uku. Pokhota, yambani mwapeza liwiro, kankhani chiwongolero mosazengereza, weramani ndodo ya thanga idutse, samukirani mbali inayo. Kukhota mphepo ili kumbuyo n'koopsa kwambiri, chifukwa ndodo imauluka mwamphamvu n'kumenya mutu wa munthu kapena kumuponya m'madzi. Mwera ukakhala wamphamvu ndi bwino kuzungulira njira yaitali, mutu wa boti ndiwo udutse mumphepo.

Chepetsani thanga mukangoyamba kuganiza zochepetsa. Mukaona nsonga za mafunde zayamba kuyera ponseponse, mwachedwa kale pang'ono. Thanga lochepetsedwa silichedwetsa ulendo monga anthu amaganizira, popeza boti lowongoka limayenda bwino kuposa lopendekeka.

Werengerani makilomita 6 kapena 7 pa ola, ndiye kuti 35 kapena 40 pa tsiku labwino, ndipo mufike pogona dzuwa likadalipo. Ulendo woyamba ukhale waufupi, monga wochoka ku Monkey Bay kuzungulira kukafika ku Chembe, kapena kuchoka ku Chembe kupita ku chilumba cha Mumbo. Chembe ndi Mumbo zili m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, choncho funsani za malamulo ndi malipiro ake. Kumbukiraninso kuti kupita kumpoto ndi mwera n'kokoma, koma kubwerera ndi nkhani ina. Mpikisano wa maboti a matanga wa panyanjayi wakhala ukuchitika m'nyengo ya mwera, ukulowera kumpoto pachifukwa chomwechi. Musananyamuke khalani pansi ndi asodzi a pamalopo. Iwo amadziwa nthawi imene vuma imayamba kuchokera kum'mawa, pamene pali miyala yobisika ndi pamene atchera maukonde.

Pa nangula

Asodzi ambiri amaimika bwato ndi mwala womangidwa pa chingwe. Masana, munthu ali maso, zimatheka. Pogona ayi. Boti la mamita 5 kapena 6 limafuna nangula wa makilogalamu 6 mpaka 8, ndipo mukakayika tengani wolemerako. Wa mtundu wa Danforth, wa mapiko awiri aphanthiphanthi, amakumba bwino mumchenga ndi m'matope. Pa miyala pamafunika wa zikhadabo, yemwe wowotcherera zitsulo waluso angakupangireni. Nyamulani onse awiri.

Pa nangula mangani unyolo wa mamilimita 6 wotalika mamita osachepera 5, kenako chingwe cha nayiloni cha mamilimita 10 kapena 12, chotalika mamita 50. Unyolo umagoneka chikoko pansi ndiponso umapirira kukhulika pa miyala. Nayiloni amatamuka, motero amafewetsa kugwedeza kwa mafunde. Chingwe cha pulasitiki choyandama chija chimene chimapezeka m'misika sichoyenera: sichitamuka mokwanira ndipo dzuwa limachifumbutsa. Bawuti wa cholumikizira unyolo ku nangula mumangeni ndi kawaya kuti asamasuke yekha, ndipo nsonga yomaliza ya chingwe ikhale yomangidwa ku boti nthawi zonse.

Posankha malo, funani pomwe mtunda uli pakati pa inu ndi mphepo. Gombe la Chembe limabisala ku mwera koma ndi lotseguka ku mphepo ya mpoto, yomwe imabwera m'nyengo yotentha ndi yadzinja. Senga Bay ndi yotseguka kum'mawa, ndipo mwera ukakula sipogona pabwino. Pewani pakamwa pa mitsinje ndi m'mabango, momwe mumakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Pewaninso njira ya sitima ndi malo okokera makoka. Pansi pakhale pa mchenga, madzi akuya mamita 3 mpaka 5. Madzi a nyanjayi ndi oyera m'malo ambiri, ndiye mchenga mudzauona ndi maso. M'zilumba za miyala pansi pamatsetsereka mofulumira, ndipo nangula akangoseseka pang'ono amakalendewera m'madzi akuya osagwira kanthu. Zungulirani malowo kaye mukuyeza ndi chingwe cha mwala.

Fikani pamalopo mutalozetsa mutu kumphepo, tayani chingwe cha thanga, boti liime. Tsitsani nangula ndi manja mpaka agunde pansi; musamuponye, chifukwa unyolo umamukulunga n'kumulepheretsa kukumba. Boti likamabwerera m'mbuyo, masulani chingwe pang'onopang'ono. Utali wake muwerengere chonchi: kuya kwa madzi kuphatikiza msinkhu wa mutu wa boti kuchokera pamadzi, kuchulukitsa ka 5. Madzi a mamita 4 ndi mutu wa mita imodzi zikupereka mamita 25. Mphepo ikakula chulukitsani ka 7, mamita 35. Chingwe chachifupi chimakokera nangula m'mwamba monga mmene munthu amazulira chinangwa, pamene chachitali chimamukokera chogona, iye n'kumalowa mumchenga. Mukamasula theka, gwirani chingwe mwamphamvu kuti nangula alume, kenako masulani chotsalacho n'kumanga. Pomwe chingwe chikukhudza boti chivekeni kachidutswa ka paipi yothirira madzi kuti chisaduke ndi kukhulika.

Tsopano onetsetsani kuti wagwira. Pezani zinthu ziwiri kumtunda zomwe zili pamzere umodzi cham'mbali mwanu, mwachitsanzo mtengo wa mlambe ndi nsonga ya phiri kuseri kwake. Zikayamba kusiyana, mukuseseka. Gwiraninso chingwe kutsogolo kwa boti: nangula wogwira amapereka chikoko chosalala, woseseka amanjenjemeretsa chingwe. Akaseseka, mukokeni muyambirenso. Ganiziraninso kuti usiku mphepo imatembenuka n'kumachokera kumtunda, ndipo boti lidzazungulira nangula wake. M'bwalo lonselo musakhale mwala kapena boti lina. Pamalo opanikiza ikani nangula wachiwiri. Pa miyala, mangani kachingwe ku mutu wa nangula, nsonga inayo ku chigubu choyandama, kuti akakanirira mumukoke chammbuyo.

Kukada, pachikani nyali yoyera yooneka mbali zonse, chifukwa asodzi a usipa amayenda usiku ndi mainjini. Siyani thanga litachepetsedwa kale, nkhafi ndi tochi zili pafupi, ndipo mukhale mutadziwa malo achiwiri othawirako ndi njira yake. Mukadzuka n'kupeza mphepo yatembenuka, mafunde akukukankhirani kumtunda, musadikire kuti kuche. Dzutsani mnzanu, valani majekete, kwezani thanga, mmodzi akoke chingwe mpaka chiime chilili pamene wina ali pa chiwongolero, ndipo nangula akangozuka lowani kunyanja.