Phunziro la Mwezi Uno: Kompyuta Ikayaka Koma Sikirini Ili Bii

Nthawi zina mphunzitsi ayatsa kompyuta ya pasukulu, koma sikirini ingokhala bii, osaonetsa kanthu. Pomwepo mtima uli phaa, pakuti maina a ana ndi malikisi a mayeso ali m'menemo. Asade nkhawa msanga. Zolembedwa zimakhala mu hard disk, ndipo kuda kwa sikirini pakokha sikuzifafaniza. Asanataye ndalama ya basi kunka kwa mmisiri, ayenera kuyesa izi:

1. Amvetsere. Ngati fani ikuzungulira ndipo kanyali kayaka, ndiye kuti magetsi afika m'bokosi la kompyuta.

2. Sikirini ili ndi chingwe chake cha magetsi ndi batani lakelake. Aone ngati nayonso yayaka.

3. Chingwe cholumikiza sikirini ndi bokosi chimakhwepa. Pa makina akale mutu wake ndi wabuluu, wa timano 15. Achizule, achilowetsenso, namangitse bwino.

4. Bokosi likamalira "pii, pii" mobwereza, kawirikawiri vuto ndi RAM, kathabwa kopyapyala ka m'kati. Azimitse, azule chingwe pakhoma, akhudze chitsulo cha bokosi, ndipo pamenepo atulutse kathabwako, akachotse fumbi, nakabwezere mpaka kagwire.

5. Zikakanika, abwereke sikirini ina kuti adziwe mbali yolakwa.

Chenjezo ndi ili: kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo sikayenera kutsegulidwa konse, pakuti kamasunga magetsi oopsa ngakhale makina atazimitsidwa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri yekha.